Kampani yathu yaluza kontirakiti ya khonsolo ku England, kodi ndisaine pepala latsopano?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo mumzinda wina wa kumpoto kwa England. Ndatha zaka 3 pa kampani yomwe inandiitanitsa pa viza. Mwezi watha tinauzidwa kuti khonsolo yapereka kontirakiti yathu kwa kampani ina, ndipo akuti tikupita pa TUPE. Kampani yatsopanoyo yatipatsa makontirakiti ake kuti tisaine sabata ino. M'menemo mulibe ndalama yowonjezera ya Loweruka ndi Lamlungu, ndalama ya mafuta yatsika, ndipo akuti tiyambira pa miyezi 6 yotiyesa ngati antchito atsopano. Anzanga ena akuti tingokana kusamukako kuti kampani yakale itilipire ndalama ya redundancy, imene munthu amalandira akachotsedwa chifukwa ntchito yatha. Nditani? Nanga viza yanga ikhala bwanji?

Yankho: Mayi, musasaine pepalalo sabata ino, ndipo musakane kusamuka. Zofulumira ndi ziwirizi, zinazo tikhoza kukambirana modekha. Malangizo a anzanuwo akukoma m'khutu, koma amene awatsate adzapezeka ali panja wopanda ntchito, wopanda ndalama ya redundancy, ndipo ngati ali pa viza monga inu, a Home Office, unduna woona za maviza, atayamba kale kumuwerengera masiku.

TUPE ndi malamulo a ku Britain oteteza antchito pamene bizinesi kapena ntchito ikusintha manja. Anayamba mu 1981, potsatira lamulo la mayiko a ku Ulaya la 1977. Omwe akugwira ntchito lero ndi a 2006, amene anakonzedwanso mu 2014, ndipo kutuluka kwa Britain mu European Union sikunawachotse. Kale wogula bizinesi ankasankha antchito amene wawakonda, enawo n'kuwasiya pamsewu. Malamulo a 2006 anawonjezera chinthu chomwe chikukukhudzani inuyo mwachindunji: chitetezochi chimagwiranso pamene bungwe lapereka ntchito yake kwa kampani yakunja, pamene lalanda ntchitoyo kwa kampani imodzi n'kuipereka kwa ina, ndiponso pamene laibweza kuti liziigwira lokha. Kuno makontirakiti oyeretsa m'zipatala, ophika m'masukulu, a ulonda ndi osamalira okalamba amasintha manja zaka zingapo zilizonse, choncho pali anthu amene avala mayunifolomu a makampani atatu akukolopa kolido imodzimodziyo.

Chimene lamuloli limachita n'chosavuta kumva. Pa tsiku losamuka, kontirakiti yanu imachoka m'manja mwa kampani yakale n'kulowa m'manja mwa yatsopano monga mmene ilili, ngati kuti munaisaina ndi atsopanowo kuyambira tsiku loyamba. Simufunsiranso ntchito, simuchita intavyu, ndipo palibe pepala limene muyenera kusaina kuti zimenezi zitheke. Zaka zanu 3 zimapita nanu. Nkhani ya miyezi 6 yokuyesani ilibe mutu, chifukwa pamaso pa lamulo sindinu wantchito watsopano. Masiku a tchuthi amene simunatenge amapita nanu, ndi malipiro a pa ola, ndi maola amene kontirakiti imakulonjezani. Ngakhale ngongole zimasamuka. Ngati kampani yakale sinkakulipirani nthawi yoyenda kuchoka pakhomo la gogo wina kupita kwa wina, mpaka malipiro anu n'kutsika pansi pa mlingo wa boma, mlanduwo tsopano ndi wa kampani yatsopano. Wotenga munda amatenga ndi ngongole ya feteleza wake. Ichi n'chifukwa chake makampani olowa amafunitsitsa kuti musaine zawo msanga, chifukwa mapepala akale amawadyera ndalama.

Tisanafike pa pepalalo, pali funso limene anthu ambiri amalidumpha: kodi TUPE ikukukhudzanidi inuyo? Mwauzidwa kuti inde, ndipo n'zabwino, koma mawu apakamwa amasintha tsiku likayandikira. Kuti lamuloli ligwire pa kusintha kontirakiti, pamafunika zinthu zingapo. Ntchito ikhale yofanana kwenikweni isanasamuke ndi itasamuka. Mwini ntchito, amene pano ndi khonsolo, akhale yemweyo. Isakhale ntchito ya kanthawi kochepa kapena yongopereka katundu. Ndipo chovuta kwambiri, pakhale gulu la antchito limene kampani yakale inalikonza dala kuti lizigwirira mwini ntchito ameneyo, inuyo mukhale m'gulumo.

Mawu oti dala ndiwo amagwetsa milandu. Mu 2012 khoti la apilo la milandu ya ntchito linaweruza mlandu wa Eddie Stobart ndi Moreman. Antchito a m'nyumba yosungiramo katundu ku Nottinghamshire ankathera nthawi yawo yambiri pa katundu wa kasitomala mmodzi, koma zinkangochitika choncho chifukwa cha mmene mashifiti ankagwera ndi nthawi yomwe kasitomalayo ankaitanitsa katundu. Kampani sinawaike kuti akhale timu ya kasitomala ameneyo. Khoti linati gulu palibe, ndipo sanasamuke. Pa ntchito yanu funso lake ndi ili: kodi muli pa timu kapena dera limene limasamalira anthu a khonsolo, kapena rota yanu imasakaniza a khonsolo, olipira okha ndi a NHS (bungwe la boma la zaumoyo) mmene tsiku lagwera? Ngati muli ndi ma rota a miyezi ingapo yapitayi pa foni, ajambuleni lero, apu ya kampani yakale isanatsekedwe. Ndi umboni wamphamvu kuposa chilichonse chimene manejala angadzanene pambuyo pake.

Ntchito yosamalira anthu m'makomo ili ndi vuto linanso lakelake. Nthawi zina khonsolo imagawa mzinda m'madera n'kupereka kwa makampani angapo. Ntchito ikagawanika zidutswa zambiri mpaka osazindikirika kuti yapita kuti, khoti likhoza kunena kuti TUPE siikugwira. Ikagawika m'zigawo zooneka bwino, makhoti anenapo kuti kontirakiti ya munthu mmodzi ikhoza kugawidwa pakati pa makampani awiri, potsatira chigamulo cha 2020 pa mlandu wa Govaerts wokhudza ntchito yoyeretsa nyumba za mzinda wa Ghent ku Belgium. Komanso gogo akasankha kulandira ndalama kuchokera ku khonsolo kuti azilemba yekha womusamalira, mwini ntchito wasintha, ndipo gawo limenelo silisamuka. Inu mwati kontirakiti yonse yapita kwa kampani imodzi, choncho muli pabwino. Komabe pemphani kalata yonena kuti dzina lanu lili pa mndandanda wa osamuka. Mndandandawo ulipo ndithu, chifukwa lamulo limakakamiza kampani yakale kupereka kwa yatsopano mayina, zaka zakubadwa, mfundo za makontirakiti, ndi milandu kapena madandaulo a zaka 2 zapitazi, kutatsala masiku 28 kapena kuposerapo. Amene ali pa tchuthi cha uchembere kapena akudwala kwa kanthawi nawonso amakhala pamndandandapo. Amene amabwera kudzera ku ejensi nthawi zambiri sasamuka, chifukwa bwana wawo ndi ejensiyo.

Tsopano pepala lija. Lamulo likuti kusintha kulikonse kwa kontirakiti kumene chifukwa chake chokha, kapena chachikulu, ndi kusamukako, n'kopanda mphamvu. Kumakhala kopanda mphamvu ngakhale wantchito atavomera ndi kusaina. Izi zinaikidwa dala, pozindikira kuti munthu amene akuopa kutaya ntchito amasaina chilichonse. Kampani yatsopano imaloledwa kusintha zinthu pa zifukwa zochepa. Choyamba, ngati kontirakiti yanu yakale ili ndi ndime yololeza kusintha kumeneko. Chachiwiri, ngati pali chifukwa cha zachuma, cha zipangizo ndi luso, kapena cha kayendetsedwe ka ntchito, chomwe chikusinthadi chiwerengero cha antchito, mtundu wa ntchito zawo kapena malo ogwirira, ndipo inu mwagwirizana nazo. Akuluakulu a HR, ofesi yoona za antchito, amachitchula kuti ETO. Mudzamva mawu amenewa pamsonkhano, akunenedwa molimba mtima ngati kuti athetsa nkhani. Chachitatu chimakhudza mfundo zomwe zinachokera pa mgwirizano wa yuniyoni ndi abwana: zikhoza kukambidwanso pakatha chaka chimodzi, bola zonse pamodzi zisatsike.

Chifukwa chimene makampani amapereka kawirikawiri n'chakuti akufuna antchito onse akhale pa malipiro ofanana, kuti pasakhale ena olandira zambiri Lamlungu pamene anzawo a pa rota yomweyo sakulandira. Chimamveka chachilungamo, koma makhoti anachikana kalekale. Mu 1985, pa mlandu wa Berriman ndi Delabole Slate, bambo wina wogwira ntchito pa mgodi wa miyala anauzidwa kuti malipiro ake atsika kuti afanane ndi a antchito a bwana watsopano. Khoti la apilo linati kufananitsa malipiro sikusintha chiwerengero cha antchito kapena ntchito zawo, choncho si chifukwa chovomerezeka. Mfundo imeneyi ikugwirabe. Ndipo palibe nthawi yoikika imene chitetezochi chimatha. Anthu amauzana kuti chimatha pakapita chaka kapena ziwiri, koma m'malamulomo mulibe zimenezo. Chimene chimachitika n'chakuti nthawi ikapita, kumavuta kusonyeza kuti kusinthako kukuchokera pa kusamuka, chifukwa kampani imakhala itapeza zifukwa zina.

Mwina mufunsa kuti ngati siginecha yanga ilibe mphamvu, kusaina kukuvuta pati? Kukuvuta chifukwa mukasaina, ndalama ya Lamlungu idzasowa pa payslip yanu yotsatira, ndipo ntchito yoitsata idzakhala yanu: makalata, madandaulo, mwina khoti, pamene bwanayo akugwedeza pepala lokhala ndi dzina lanu. Ndi bwino kuima pa kontirakiti yakale kusiyana ndi kuyamba kuilondola itachoka kale. Dziwaninso kuti si pepala lililonse lomwe ndi msampha. Fomu ya akaunti ya kubanki, ya wachibale woti aimbiridwe pakagwa zadzidzidzi, ya DBS yofufuza ngati munapalamulapo mlandu, ya yunifolomu, zimenezo sainani. Chokana ndi kontirakiti yatsopano, kapena kalata iliyonse yonena kuti mwavomera mfundo zatsopano.

Apa ndiyenera kukuchenjezani pa ndalama ya mafuta, chifukwa mwina siyolimba ngati ya Loweruka ndi Lamlungu. TUPE imasamutsa zimene zili mbali ya kontirakiti. Ngati mtengo wa pa mtunda unalembedwa mu kontirakiti kapena m'kalata yokulembani ntchito, ndi wanu. Ngati uli m'buku la malangizo a kampani momwe munalembedwa kuti abwana akhoza kuusintha akafuna, mphamvu yosinthayo nayonso yasamuka, ndipo atsopanowa akhoza kuigwiritsa ntchito. Pakati pa ziwirizi pali zinthu zomwe sizinalembedwe koma zakhala zikulipidwa mosadumpha kwa zaka mpaka aliyense akuziyembekezera. Zoterezi zikhoza kuwerengedwa ngati mbali ya kontirakiti, koma pamafunika umboni, ndipo umboni wake ndi ma payslip. Atsitseni onse a zaka zitatuzi, pamodzi ndi kontirakiti, buku la malangizo ndi kalata iliyonse yokweza malipiro. Musasunge pa imelo ya kampani.

Tibwere kwa anzanu aja. N'zoona kuti lamulo limakulolani kukana kusamuka, palibe amene angakukakamizeni kugwirira bwana amene simukumufuna. Koma limanenanso zotsatira zake: ntchito yanu imatha pa tsiku losamuka, ndipo simuwerengedwa kuti mwachotsedwa. Wosachotsedwa alibe redundancy, alibe ndalama ya notisi, alibe mlandu wopita nawo kukhoti. Kampani yakale idzakupatsani malipiro a masiku omwe mwagwira ndi a tchuthi chotsala, basi. Ndipo tiyeni tione ndalama imene akuithamangirayo. Redundancy ya boma imawerengedwa motere: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene mwagwira muli ndi zaka za pakati pa 22 ndi 40, sabata imodzi ndi theka pa chaka chomwe munali ndi zaka 41 kapena kuposa, theka la sabata kwa osakwana 22. Munthu wa zaka 35 amene wagwira zaka 3 angalandire malipiro a masabata 3. Ngakhale ikanakhalapo, si ndalama yotayira ntchito ndi viza.

Pali khomo lina lopapatiza limene mwina anzanuwo analimva mwapatalipatali. Ngati kusamukako kukubweretsa kusintha kwakukulu kwa kagwiridwe ka ntchito kumene kukukupwetekani ndithu, mukhoza kuchoka n'kuwerengedwa ngati mwachotsedwa. Chitsanzo chodziwika ndi cha madalaivala a mabasi ku London, pa mlandu wa Abellio ndi Musse wa 2012. Msewu wawo utaperekedwa kwa kampani ina, anauzidwa kuti azikayambira ku depoti ya Battersea m'malo mwa Westbourne Park. Mtunda wake ndi waufupi pamapu, koma mu London unkawonjezera ola limodzi kapena awiri pa tsiku lawo, ndipo khoti linawamvera. Koma mu 2014 malamulo anasintha moti kusintha malo ogwirira ntchito tsopano kukhoza kukhala chifukwa chovomerezeka kwa bwana. Khomo limeneli munthu asalowepo asanakhale pansi ndi loya kapena yuniyoni, ndipo kwa munthu wa viza ine sindingalilangize n'komwe pokhapokha ntchito ina ili kale m'manja.

Nanga akakuchotsani chifukwa chokana kusaina? Kuchotsa munthu ntchito pa chifukwa chachikulu cha kusamuka n'kosalungama mwachindunji, bwana sangadziteteze ponena kuti anatsata ndondomeko. Zilibe kanthu kuti wakuchotsani ndi wakale kusamuka kusanachitike kapena watsopano pambuyo pake. Chinyengo chochotsa anthu tsiku lisanafike kuti wolowayo apeze pakhomo posesa chinatsekedwa mu 1989 pa mlandu wa Litster, wa kampani yokonza sitima zapamadzi ku Scotland. Antchito anachotsedwa kutatsala ola limodzi kuti bizinesi isinthe manja, ndipo House of Lords, yomwe panthawiyo inali khoti lalikulu kwambiri, inagamula kuti awerengedwe ngati anali pantchito pa nthawi yosamuka, mlandu n'kugwera wogula. Kuti mukadandaule za kuchotsedwa kotere pamafunika kuti mukhale mutagwira zaka 2, ndipo inu mwadutsa. Lamulo latsopano la Employment Rights Act 2025 likutsitsa nthawi imeneyi kufika pa miyezi 6 kuyambira mu 2027, zomwe zithandize anzanu obwera kumene.

Sindikunena kuti ntchito yanu singathe. Kampani yatsopano ikapeza kuti ili ndi antchito ambiri kuposa maola omwe khonsolo ikugula, ikhoza kuchepetsa anthu movomerezeka. Koma iyenera kutsata njira yake, kukambirana nanu, kusankha mwachilungamo osangoloza obwera pa TUPE okha, ndi kulipira redundancy powerengera zaka zonse kuphatikizapo za ku kampani yakale. Redundancy yeniyeni, ngati ingadzabwere, idzachokera kumeneko, kwa munthu amene anasamuka.

Chinthu chimene chikundidabwitsa m'kalata yanu n'chakuti simunatchule msonkhano uliwonse kapena nthumwi. Makampani onse awiri ali ndi udindo wodziwitsa nthumwi za antchito nthawi ikadalipo: kuti kusamuka kulipo, tsiku lake, chifukwa chake, mmene kukukhudzireni, ndi zosintha zilizonse zimene akulingalira. Ngati pali yuniyoni yovomerezeka pakampanipo, amalankhula ndi iyo. Ngati palibe, antchito amasankha nthumwi zawo. Kuyambira mu Julaye 2024, kampani ya antchito osakwana 50, kapena kusamuka kokhudza anthu osakwana 10, akhoza kulankhula ndi antchito mwachindunji ngati nthumwi palibe. Kampani yolowa iyenera kulembera yakale kalata yofotokoza zonse zimene ikufuna kusintha, yotchedwa measures letter, ngakhale zazing'ono monga tsiku lolandira malipiro. Limeneli musalipeputse: kuchoka pa kulandira masabata anayi aliwonse kupita pa kutha kwa mwezi kukhoza kukusiyani sabata kapena awiri opanda ndalama, lendi ikudikira, kumudzi akudikiranso. Funsani kalatayo. Ngati sanakudziwitseni ndi kukambirana nanu moyenera, khoti likhoza kulamula chipukuta misozi chofika pa malipiro a masabata 13 kwa wantchito aliyense. Makampani amaliopa gawo limeneli kuposa ena onse, chifukwa limachulukitsidwa ndi chiwerengero cha anthu, ndipo kungolitchula m'kalata mwaulemu kumafewetsa mawu a manejala.

Penshoni ndiyo mbali imene TUPE siiteteza mokwanira. Ndalama zomwe munasunga kale ndi zanu, sizipita kulikonse. Koma kampani yatsopano siikakamizidwa kupitiriza thumba la penshoni la kampani yakale. Lamulo la penshoni la 2004 limangoilamula kupereka thumba lina, ndipo njira yofala ndi yoti iziikamo ndalama yofanana ndi imene inu mukuika mpaka 6 peresenti, kapena yofanana ndi imene bwana wakale ankaika. Kwa ambiri ogwira ntchito yosamalira anthu, amene ali pa mlingo wotsikitsitsa wa boma, kusiyana kumakhala kochepa. Amene amamva kuwawa ndi ochokera ku NHS kapena kukhonsolo kwenikweniko, ngakhale iwo ali ndi ndondomeko zina zowateteza.

Tsopano viza, yomwe kwa inu ndiyo nkhani yaikulu. TUPE imasamutsa kontirakiti, koma siisamutsa chiphaso cha kampani choitanitsira antchito akunja, chotchedwa sponsor licence. Malamulo a Home Office akuti munthu wosamuka pa TUPE safunika kufunsira viza yatsopano, bola ntchito ikhale yomweyo, malipiro asatsike pansi pa mlingo wofunika, ndipo bwana watsopano atenge udindo wa sponsor. Ngati kampaniyo ili kale ndi sponsor licence, imadziwitsa Home Office kuti yakutengani. Ngati ilibe, iyenera kufunsira pasanathe masiku 20 ogwira ntchito kuchokera tsiku losamuka. Ikapanda kutero, kapena ikakanidwa, viza yanu ikhoza kufupikitsidwa, nthawi zambiri kufika pa masiku 60. Choncho usiku uno lowani pa webusaiti ya boma ya GOV.UK, tsegulani mndandanda wa makampani okhala ndi sponsor licence, womwe aliyense akhoza kuuona, mufufuze dzina la kampani yatsopanoyo monga lalembedwera pa kontirakiti yawo, osati la pa galimoto kapena pa yunifolomu. Ku England kampani yoitanitsa osamalira anthu iyeneranso kukhala yolembetsedwa ku Care Quality Commission, bungwe loyendera ntchito zosamalira anthu. Mukaipeza, lemberani a HR kuti akutsimikizireni polemba kuti atenga sponsorship yanu. Mukapanda kuipeza, funsani polemba tsiku limene afunsire, ndipo yambani kuyang'ana kwina mwakachetechete.

Onani mmene viza ikulumikizirana ndi pepala lija. Viza yanu inaperekedwa potengera maola ndi malipiro olembedwa pa certificate of sponsorship, chikalata chimene kampani inakupatsani pokuitanitsani. Kontirakiti yatsopano ikachepetsa maola olonjezedwa, kapena kukuikani pa zero hours, kontirakiti yopanda maola olonjezedwa, vuto silikhala la ndalama lokha, likhoza kugwedeza viza yomwe. Werengani ndime ya maola kawiri. Ndipo wina akakuuzani kuti mulipire ndalama kuti akusamutsireni sponsorship, dziwani kuti bwana saloledwa kukankhira kwa wantchito mtengo wa licence kapena wa certificate. Pa za viza funsani loya, kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority. Amalume a pa WhatsApp amene anathandizapo wina chaka chatha si alangizi.

Amene anagwirapo ntchito ku South Africa aona kuti nkhaniyi siyachilendo. Gawo 197 la Labour Relations Act ya 1995 limachita zofananazo, ndipo khoti lalikulu la Constitutional Court linalimasulira mu 2002 pa mlandu wa yuniyoni ya NEHAWU ndi University of Cape Town, pamene yunivesiteyo inapereka ntchito zoyeretsa, zosamalira mabwalo ndi zina kwa makampani akunja. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko bwana watsopano akhoza kusintha zina bola zonse pamodzi zisatsike. Kwathu ku Malawi, gawo 32 la Employment Act ya 2000 limanenanso kuti bizinesi kapena mbali yake ikagulitsidwa kapena kusamutsidwa, makontirakiti a antchito amapita kwa mwini watsopano. Ndatchula izi chifukwa ambiri timafika kuno ndi maganizo oti bwana watsopano akukuchitira chifundo pokusunga, ndiye sitifunsa kanthu.

Kalata imene mulembere kampani yatsopano isatalike, ndipo isakhale yaukali, mugwira nawo ntchito anthu amenewa. Nenani kuti mwalandira kontirakiti yawo, kuti mukuyembekezera kuyamba nawo pa tsiku losamuka, kuti mukumva kuti pa TUPE mfundo za kontirakiti yanu ya panopa ndi zaka zanu zikusamuka monga zilili, choncho simusaina yatsopano, ndipo ngati pali zimene akufuna kusintha akulembereni chifukwa chake. Mukalemba ambiri mawu ofanana, ndi bwino koposa. Ngati muli mu yuniyoni monga UNISON, GMB kapena Unite, auzeni lero. Ngati simuli, lowani, ngakhale mayuniyoni ambiri sapereka loya pa nkhani yomwe inayamba munthu asanalowe. A ACAS, bungwe loyanjanitsa antchito ndi abwana, amalangiza kwaulere pa 0300 123 1100, ndipo a bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice akhoza kuona mapepala anu.

Pa tsiku losamuka pitani kuntchito, ngakhale mutamva mphekesera zotani. Zikachitika kuti akale akuti mwapita, atsopano akuti sakukudziwani, lemberani onse awiri tsiku lomwelo kuti mwabwera ndipo ndinu wokonzeka kugwira, ndipo mlandu ukadzapita ku Employment Tribunal, khoti la milandu ya ntchito, mudzasumire onse awiri, khoti ndilo lidzasankhe wolakwa. Payslip yoyamba ikabwera, iyerekezeni ndi yomaliza ya kampani yakale mzere ndi mzere. Mukaona kuti ndalama ya Loweruka ndi Lamlungu yachotsedwa, lembani nthawi yomweyo kuti simukuvomereza kudulako ndipo mukupitiriza kugwira ntchito mokana, chifukwa kukhala chete miyezi yambiri kumaoneka ngati kuvomera. Nthawi yodandaulira ndi yaifupi: werengerani miyezi 3 kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pa tsiku limene ndalama yadulidwa, kapena limene mwachotsedwa, kapena losamuka ngati dandaulo ndi la kusakambirana. Nthawiyo isanathe muyenera kukhala mutadziwitsa ACAS kuti ayambe kukuyanjanitsani, apo ayi khoti silingalandire mlandu wanu. Dandaulo la mkati mwa kampani siliimitsa nthawi imeneyi, choncho a HR akamati dikirani tikuyankhani, inu kawerengenibe masiku pakalendala.